Masewera Atatu Amene Ndinamubera Mwana Wanga

1

Dzina langa ndine Renae Haugland. Ndakhala mkazi wa kochi zaka 22, ndipo amene munakwatiwa ndi makochi mukudziwa kuti banja lotere silikhala la anthu awiri. Pamakhala iwe, iyeyo, ndi ana a eni ake khumi ndi asanu, omwe bondo la aliyense limamudetsa nkhawa kuposa mutu wako ukamawawa. Sindikudandaula ayi, ndinalowa ndikuona.

Curt, mwamuna wanga, amaphunzitsa timu ya atsikana ya volebo pa koleji ya Ellingson kuno ku South Dakota. Ine ndinali wa mu ofesi mwake, wopeza basi, wosungitsa malo ogona, komanso wokonza ndandanda ya masewera. Ntchito yomalizayi anthu amaiona ngati ya ukalaliki chabe, koma ndiyo inapasula nyumba yanga.

Masewera a mu ligi sitisankha, amabwera okha. Koma masabata anayi oyambirira, kumapeto kwa Ogasiti mpaka mu Seputembala, timu iliyonse imadzipezera yokha yosewera nayo. Ikafika Novembala, komiti imasankha matimu 64 a mpikisano wa dziko lonse. Amene watenga ligi yake amalowa osafunsidwa kanthu. Ena onse komiti imawaunika, ndipo siwerenga kuti wagonjetsa angati, imafunsa kuti wagonjetsa ndani. Ligi yathu ndi ya matimu ofooka, choncho kwa ife masabata anayi amenewo ndiwo umboni wokhawo woti nafenso timatha.

Mwana wathu Britta anali m'chaka chake chomaliza. Ndiye ankagawira anzake mipira pa ukonde, kaputeni wa timu, wamanzere, wamtali kuposa ine ndi Curt. Kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ankanena chinthu chimodzi, choti adzasewera mu mpikisano wa dziko lonse adadi ake ali pa benchi. Malamulo amapatsa wosewera zaka zinayi basi, ndipo zitatu zinali zitapita.

M'mawa wina mu Januwale Curt analowa kukhitchini akukutumula chipale chofewa ku nsapato.

"Renae, a Harlan State ayankha?"

Harlan State ndi timu yaikulu kumwera kwathu, ulendo wa maola asanu pa basi, ndipo kochi wake ndi Russ Dvorak. Chaka chilichonse mu Seputembala amaitana matimu atatu, iliyonse n'kusewera ndi inzake. Ukapita kumeneko, ngakhale akukwapule, komiti imalidziwa dzina lako.

"Ali chete," ndinatero ndikuthira khofi.

"Chaka chachitatu chino! Russ ameneyu watukuka eti? Munthu tinkagona chipinda chimodzi ku koleji, amavala masokosi anga."

"Akuluakulu safuna kusewera nafe, iwenso ukudziwa. Akatigonjetsa palibe wowatamanda, akagonja ndiye manyazi."

Zimenezo n'zoona, n'chifukwa chake bodza langa linkalowa bwino. Curt anangopukusa mutu n'kutenga khofi wake. Ndi munthu wonyada, sakanamuimbira Russ foni kukapempha ngakhale mutamuika mpeni pakhosi. Kunyada kwakeko ndi kumene ndinkadalira.

2

Kalata ya Russ Dvorak, kochi wa Harlan State, inali itafika pa kompyuta yanga Lachiwiri la sabata yomweyo.

"Renae, patsala malo amodzi pa mpikisano wathu wa Seputembala. Kubwera matimu awiri a pamwamba. Ndaonera makanema a atsikana anu, ndi ofunika kuti dziko liwaone. Ulendo uno musakane. Umupatse moni Curt, umuuze asiye kundithawa."

Ndinayankha kuti tikuthokoza, koma masiku onse tadzaza kale. Kenako ndinafufuta zonse, yake ndi yanga, monga ndinachitira zaka ziwiri za m'mbuyomo. Chifukwa chake ndikuuzani, koma osati pano. Ine ndinachisunga zaka 22, inunso mupirire pang'ono.

M'malo mwake ndinapeza timatimu tomwe timavomera foni isanathe kulira. Tina mwa ito tinali tisanapambane ngakhale masewera asanu chaka chathacho. Curt ataona ndandandayo anaigwira nthawi yaitali.

"Ndi awa basi?"

"Ndi amene avomera."

"Ndiye kuti ligi tiyenera kuitenga. Tikangoterereka pa fainolo, tapita."

"Uitenga," ndinatero. "Ndani angakuimitse?"

Seputembala inafika, tinayamba kuwakwapula. Masewera ena ankatha ola lisanakwane, atsikana osatuluka ndi thukuta lomwe. Tsiku lina tikubwerera, Britta anabwera kutsogolo kwa basi n'kukhala pafupi nane, miyendo yake yaitaliyo itatseka kanjira.

"Amayi, anthu amenewa munawatola kuti? Wapakati uja watchinga mpira wanga kamodzi, kenako wandipepesa."

Anzake kumbuyo anafa nacho chiseko. Wina anakuwa, "Mayi Haugland, sabata ya mawa mutipezere azimayi a kwaya, mwina titulukako thukuta!"

"Khalani chete inu, mukanagonja bwenzi mukulira," ndinayankha, nanenso ndikudziseketsa.

Britta sanaseke. Anatsitsa mawu kuti ndimve ndekha. "Ine sindikucheza ayi. Ndikufuna wina atimenye, tidziwe pamene tili. Kupambana kotereku kukundichititsa mantha."

Ndinamukonza tsitsi ndi dzanja, n'kumuuza kuti agone, ulendo ndi wautali. Anandipsompsona pa tsaya n'kubwerera ku mpando wake. Mwanayu ankandikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa akanandikalipira.

3

Pofika Okutobala tauni yonse inali itapenga. Alimi ankabwera ku holo ndi nsapato zamatope, kuchokera kokolola chimanga osadutsira kunyumba. Abusa athu, omwe sadziwa kuti mpira umamenyedwa kangati usanaoloke, anayamba kutchula timu m'pemphero la Lamlungu. Tinagonja kamodzi kokha, sabata imene chimfine chinagwetsa theka la atsikana.

Ine ndinkayang'ana kwina. Komiti ili ndi nambala yake, imene imaphatikiza kupambana kwako ndi mphamvu za amene wasewera nawo. Kuti akusankhe usanatenge ligi, uyenera kukhala m'kati mwa matimu 45 oyambirira kapena chapafupi pamenepo. Ife tinali pa 58. Sabata yotsatira tinapambana kawiri, n'kutsika kufika pa 61. Munthu wachilendo akanati makina asokonekera, koma ine ndinkadziwa kuti timatimu tanga ta Seputembala tija tikutikokera pansi nthawi iliyonse tikagonja kwina. Khomo linatsala limodzi, fainolo ya ligi. Ndinapemphera mwezi wonsewo pemphero la wakuba, loti zinthu zithe bwino ndisagwidwe.

Fainolo inali Loweruka, patapita masiku awiri kuchokera pa chikondwerero chothokoza chomwe kuno timachita mu Novembala, nkhukundembo yotsala ikadali m'firiji. Tinakumana ndi a Dunmore, omwe tinawagonjetsa kawiri mu ligi. Koma kochi wawo anachita zosiyana ndi ine. Mu Seputembala anawatengera atsikana ake ku matimu akuluakulu, anakwapulidwa kasanu ndi kawiri, anthu n'kumawaseka. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kusewera ali m'mbuyo. Pa volebo wopambana ndi amene watenga zigawo zitatu mwa zisanu, koma athu chaka chonse anali asanafikepo chigawo chachisanu.

Tinatenga zigawo ziwiri zoyamba, iwo anatenga ziwiri zotsatira. M'chigawo chachisanu, chothera pa 15, ndinaona atsikana athu atasokonezeka. Ankayang'anana ngati anthu osochera mumsika. Zitafika 14 kwa 13, iwo ali patsogolo, mpira unabwera bwinobwino kwa Britta. M'malo mogawira mnzake, anaukankhira yekha kutsidya ndi dzanja lake lamanzere lija, machenjera omwe timatimu ta Seputembala sitinkawaona n'komwe. A Dunmore anali akudikira zimenezo. Wamtali wawo anauphimba, mpira unagwera pa mapazi pa Britta.

Anaima pomwepo akuuyang'ana mpaka anzake anachita kumukoka.

4

Lamlungu cha m'ma 5 koloko madzulo tinasonkhana mu holo kuonera komiti ikulengeza mayina pa kanema. Makolo anabweretsa pitsa ndi payi wa maungu, koma palibe amene ankadya. Anthu ankalimbitsana mtima kuti timu yopambana ka 28 n'kugonja kawiri kokha sangaisiye. Ine ndinakhala kumbuyo, ndikudziwa yankho.

Anatchula Harlan State. Anatchula Dunmore, ndi kugonja kwawo konse kuja. Mayina ankatha, atsikana atagwirana manja pa mzere wakutsogolo, Britta ali pakati. Dzina lomaliza linatuluka, silinali lathu.

Mtolankhani wa pa kanemayo anatithira mchere pa bala. "Ena afunsa za Ellingson," anatero. "Zoona, apambana ka 28. Koma tandiuzeni, asewera ndi ndani?"

Britta ndiye anayamba kuimirira. Anakumbatira anzake mmodzimmodzi monga kaputeni, maso ali ouma, kenako anapita kwa Curt. Mu holo sankamutchula adadi, ankamutchula kochi ngati wina aliyense.

"Kochi, pepani. Mpira uja ndikanagawa."

"Britta, ayi."

"Ndikanagawa, adadi. Ndawaphera anzanga chaka."

Apo ndi pamene analira, nkhope ataibisa pa phewa la Curt. Ine ndinatenga mabokosi a pitsa n'kuyamba kuwalongedza, chifukwa sindikanatha kuwayandikira.

5

Lolemba m'mawa tinali mu ofesi awiri, Curt akuyang'ana khoma, ine ndikunamizira kulemba. Foni ya pa tebulo inalira. Curt anadina batani loti mawu azimveka chipinda chonse, poganiza kuti ndi atolankhani.

"Curt, nkhalamba iwe! Ndi Russ."

Cholembera chinagwa m'manja mwanga.

"Ndamva chisoni, m'bale wanga," Russ anapitiriza. "Timu yako ndi yabwino kuposa ena alowawa. Koma nawenso ndiwe wamakani bwanji? Zaka zitatu ndikukuitana! Mukanangopambana amodzi mwa masewera atatu a kwathu kuno, lero bwenzi mukulongedza zikwama."

Curt anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Zaka zitatu?"

"Funsa mkazi wako. Nthawi zonse amati mwadzaza. Ine ndinkati kaya ndinakulakwira chiyani."

"Eya, ndakumbuka," Curt anatero, maso ake osachoka pa ine. "Tinali titadzaza. Zikomo poimba, Russ. Mukasewere bwino."

Ngakhale pamenepo anandibisira manyazi. Anadula foni, anadzuka, anatseka chitseko, n'kukhalanso pansi.

"Ndikumva," anatero.

Tsopano ndikuuzeni inunso. Chaka chimene tinkakonza ukwati, bambo ake a Curt anadwala, ndipo iye anapita kukasamala ng'ombe zawo kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Ine ndinatsala ndikuphunzitsa ana volebo pa tchuthi, pamodzi ndi mnzake wapamtima, Russ Dvorak. Tinayamba chibwenzi chamseri. Sindikuti anandinyengerera, ndinali wamkulu ndi nzeru zanga. Zinatha patapita masabata atatu, tonse tili ndi manyazi. Ukwati unachitika mu Seputembala. Britta anabadwa mu Epulo, ine n'kuuza aliyense kuti mwana wafulumira. Russ sanadziwe, ndipo mpaka lero sadziwa.

Akamatha masewera, matimu amandanda pa ukonde kugwirana chanza, osewera ndi makochi omwe. Ku Harlan State holo imalowa anthu zikwi zisanu ndi zitatu, ndipo pamwamba pali kanema wamkulu woonetsa nkhope pafupi. Zaka zitatu ndinkaona chithunzi chimenecho m'mutu mwanga, Britta ndi Russ atayang'anizana, chibwano chimodzi, msinkhu umodzi, onse amanzere, Curt ataima pambali. Ndinasankha kuti bola timu isewere ndi ofooka.

Ndinanena zonsezi ndikuyang'ana pansi. Nditamaliza ndinadikira kuti aphwanye kanthu. Sanaphwanye.

"Ndi chimenechi?" anafunsa. "Ndi chimene unakanira masewera?"

"Curt, wandimva? Ndikuti Britta si..."

"Usamalize mawu amenewo. Renae, ine ndinakulira m'khola la ng'ombe, miyezi ndimadziwa kuwerenga. Mwana wofulumira sabadwa wolemera mapaundi asanu ndi anayi. Komanso Russ ndinagona naye chipinda chimodzi zaka zinayi. Ukuganiza kuti mwanayu atayamba kuyenda sindinaone mayendedwe ake?"

"Unkadziwa? Nanga bwanji sunanene?"

"Ndinene kuti chiyani? Namwino atandipatsa m'manja, nkhani inathera pomwepo. Ndinkati tsiku lina udzandiuza wekha. Kenako ndinaona kuti palibenso chifukwa."

"Ndiye unkafuniranji Harlan State chaka ndi chaka?"

"Chifukwa ndi timu yabwino ndipo ili pafupi!" Apa ndi pamene anakweza mawu, koyamba m'zaka 22. "Ndikanaima pa ukondepo, ndikanamugwira chanza Russ, mwana wanga n'kusewera mpira wake. Ndinali wokonzeka kalekale. Za Russ ndinakukhululukira usanapemphe. Koma izi? Dzulo mwana wandipepesa, Renae. Wandipepesa ine, iwe uli pomwepo ukulongedza mabokosi."

Ndinalira, koma sanandigwire.

"Umuuza wekha," anatero. "Zonse, lero. Sindilola kuti akalambe akuganiza kuti chaka chinafera m'dzanja lake."

6

Ndinamupeza masana m'chipinda chosinthira zovala, ali yekha, akutulutsa zinthu zake mu kabati komaliza. Ndinakhala pa benchi n'kuyamba ndi makalata atatu aja, kenako ndinanena za Russ. Sanandidule. Ankangopinda zovala za pa mawondo, kuzitambasula, n'kuzipindanso.

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza, mwanawe. Ndinkafuna kukuteteza."

"Kunditeteza ku chiyani? Bambo anga ndikuwadziwa, ali mu ofesimo. Winayo ndi kochi wa Harlan State, basi. Zimenezi mukanandiuza kukhitchini, ndikanalira sabata imodzi, mwina mwezi, kenako ndikanapita kukasewera. Nanga anzanga aja anakulakwirani chiyani? Pali asanu omwe nawonso chaka chawo chinali chomaliza."

Anaponya zovala zija m'chikwama.

"Pa basi paja ndinakuuzani kuti ndikuopa. Munandiuza kuti ndigone."

"Ndikukumbuka."

Anatseka chikwama n'kuchikoleka pa phewa. Atafika pa chitseko anatembenuka, ndipo mawu ake anali a mwana, osati a kaputeni.

"Amayi, inu mumadziwa manambala. Ndiuzeni chimodzi chokha. Tikanapita, tikanawagonjetsa?"

"Sindikudziwa, Britta."

"Inenso sindikudziwa. Za bambo mwandiuza, ndadziwa. Izi zokha palibe amene adzandiuze."

7

Papita miyezi isanu. Ntchito ndinasiya sabata yomweyo, ndipo kwa akuluakulu a koleji ndinavomera kuti ndandanda ndinaiononga ndine, kuti mlandu usagwere Curt. Iye akukhala kwa mchimwene wake. Sanatchule zothetsa ukwati, sanatchulenso zobwerera. Chipale chikagwa ndimapeza wadzachotsa pakhomo ndisanadzuke, koma salowa.

Inu amene mukuwerenga, sindikupempha kuti mundimvere chisoni, sindine woyenera. Ndalemba chifukwa ndikudziwa kuti pakati panu pali ena amene akusunga kanthu ngati ine, n'kumadzitama mumtima kuti akuvutika okha kuti banja likhale pa mtendere. Inenso ndinkaganiza choncho. Sindinaone kuti katundu wanga ndinali nditamusenzetsa mwana, pamodzi ndi anzake khumi ndi anayi omwe sankadziwa n'komwe kuti ndili ndi mbiri. Tchimo la utsikana wanga mwamuna wanga analikhululukira yekha mwakachetechete. Chimene chatisiyanitsa ndi zomwe ndinachita ndili mayi wamkulu, nditakhala pa mpando, maso ali gwa, katatu konse. Ngati muli nacho chanu, yang'anani bwino amene akuchilipirira. Mwina mupeza kuti ndi amene mukuti mukumuteteza, ndipo mwinanso amene mukumubisirayo anachidziwa kale.

Britta anamaliza sukulu, anapeza ntchito ku Minneapolis. Adadi ake amawaimbira Lamlungu lililonse. Ine wandilembera kamodzi, mawu ochepa, kuti ali bwino, nyumba wapeza, ndipo volebo anasiya kuonera.